Wailesi ya ambuya inalibe mlandu

Mu August 2024 ndinakwera basi pa Intercity kupita kwathu ku Petauke, nditanyamula sola imodzi, batire, kainveta ndi mababu anayi. Chinali chaka chimene madzi anachepa ku Kariba, malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse, ndipo ife oika masola mu Lusaka tinali kugwira ntchito mpaka pa Sondo. Nditapezako tindalama ndinati ambuya nawonso aleke kugona ndi koloboyi, pakuti kumene amakhala mawaya a ZESCO sanafikeko. Ndinamanga zonse tsiku limodzi. Madzulo nyumba inawala, ana a pamudzi anabwera ndi mafoni a makolo awo kudzachaja, ine n'kubwerera ku tauni ndili ndi matama.

Patapita masiku atatu foni inalira. "Iwe mwana, malaiti ako andiphera wailesi." Ambuya sadziwa Facebook. Uthenga wa maliro, mtengo wa nshawa ndi chimanga, tsiku lolandira feteleza, zonse amamvera pa mawailesi a kwathu komweko monga PASME ndi Explorers. Tsopano akatsegula munali kungomveka shiii, ngati mafuta mu pani. Amalume anali atagula kale wailesi ina pa boma, nayonso shiii. Ndipo mudziwa mmene nkhani zimayendera pamudzi: ena anali atayamba kunong'onezana kuti alipo amene sanakondwere ndi kuwala kwa nyumba ija.

Kumapeto kwa mwezi ndinabwereranso. Ndinazima inveta, wailesi inayamba kukamba bwinobwino. Ndinayatsa, phokoso linabwerera. Nditachotsa zinthu chimodzichimodzi ndinapeza kuti phokoso lalikulu linali kuchokera mu chaja ya makamwa ambiri imene ndinagula motchipa mu tauni, ndipo mawaya aatali amene ndinayendetsa m'denga, kudutsa pamwamba penipeni pa wailesi, ndiwo anali kulimwaza ngati eriyo. Ndinafupikitsa mawaya, kuwapota awiriawiri, kukulunga wina pa kachitsulo kakuda kamene ndinachotsa pa chingwe cha laputopu yakufa, kusuntha wailesi ndi kutaya chaja ija. Mawu anabwerera. Wailesi yoyamba inalibe mlandu, ya amalume inagulidwa pachabe, ndipo wolakwa ndinali ine, mwini dipuloma ya zamagetsi.

Vutoli lili ndi dzina, ndipo ndinalimvapo kukoleji. Linali tsamba limodzi la manotsi ndi funso limodzi pa mayeso, basi. Pa Chingerezi amati electromagnetic compatibility, mwachidule EMC. Palinso phunziro lina limene limayenda nalo limodzi, la timakina tosaoneka ndi maso timene tadzaza m'mafoni, m'magalimoto ndi m'zipatala, timene amatitcha MEMS. Maganizo anga ndi akuti maphunziro awiriwa aloŵe m'manja mwa injiniya ndi tekinishani aliyense wa zamagetsi mu Zambia, ndipo atsike kuchoka ku mayunivesite mpaka akafike pa kantemba kokonzera mafoni ku Nyimba. Ndifotokoze chifukwa chake.

Tiyambe ndi EMC. Waya uliwonse umene mukuyenda magetsi osinthasintha umatulutsa mafunde, ndipo waya uliwonse umathanso kulandira mafunde a unzake. Ndiye chipangizo chabwino chiyenera kusunga malamulo awiri, monga munthu wa pa lendi m'komboni: chisasokosere anzake, komanso chisamasokonezeke ndi kaphokoso kalikonse ka anzake. Nonse munalimvapo phokosoli. Muli kutchalitchi kapena pamaliro, sipika n'kuyamba "ti-ti-ti, trrr" foni ya wina isanalire n'komwe. Foni ikakhala pa 2G imatumiza mafunde ake modukizadukiza, maulendo 217 pa sekondi imodzi, ndipo chingwe cha maikolofoni chimawatola n'kuwapereka ku ampulifaya.

Chaja, babu la LED ndi inveta zimagwira ntchito mwa kuyatsa ndi kuzima magetsi maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi. N'chifukwa chake chaja ya masiku ano ndi yopepuka ndipo sidya malaiti ambiri. Koma kuyatsa ndi kuzima kotereku kumabala phokoso limene limakwera mpaka kumene kuli mafunde a wailesi. Wopanga wosamala amaikamo tizipangizo tosefa phokosolo. Wofuna phindu la msanga amatichotsa. Mukatsegula chaja yotchipa nthawi zambiri mupeza malo ake alembedwa pabodi koma mulibe kanthu, kapena angolumikiza ndi kawaya. Ku tauni simungazindikire msanga chifukwa mafunde a wailesi ndi amphamvu. Kumudzi, kumene amafika atatopa kale, chaja imodzi imakwanitsa kuwamiza.

Maiko ena anaona vutoli kale. Komiti ya padziko lonse yoona za phokoso losokoneza wailesi, CISPR, inayamba m'zaka za m'ma 1930. Ku Ulaya, kuyambira mu 1996 chipangizo cha magetsi sichiloledwa pamsika ngati sichinakwanitse malamulo a EMC, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene chizindikiro cha CE chimalonjeza. Ngakhale olemera amapunthwa nalo. Mu January 2022 makampani a mafoni ku America, AT&T ndi Verizon, anachedwetsa kuyatsa 5G pafupi ndi mabwalo ena a ndege chifukwa cha mantha akuti isokoneza chipangizo chouza woyendetsa ndege kutalika kwake kuchokera pansi, ndipo makampani ena a ndege anaimitsa maulendo ena. Kuno kwathu, chilala cha 2024 chinatikakamiza kudzaza nyumba, mashopu ndi zipatala ndi mainveta, mabatire ndi mababu ochajidwa, ambiri ogulidwa poona mtengo chabe. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tinalira kuwala, tapeza ndi phokoso lomwe, ndipo ofunika kulidziwa ndife amene timamanga zinthuzi.

Tsopano MEMS. Pobwerera ku Lusaka ndinatsikira pa Nyimba, pamene mabasi amaima anthu n'kugula nthochi. Msuweni wanga ali ndi kantemba kokonzera mafoni chapafupi. Anamaliza Giredi 12, ntchitoyi anaiphunzira pa YouTube ndi poyang'ana anzake, ndipo manja ake ndi aluso kuposa anga. Ndinamupeza akudandaula. "Asuweni, foni iyi inagwera m'madzi. Ndaitsuka, yayaka, koma manje mwini wake akakamba samveka." Anali ataiika mu kabafa kaja kotsukira mabodi ndi kunjenjemera kwa madzi, kenaka n'kuipemerera mpweya wamphamvu pa kabowo ka maikolofoni kuti iume msanga.

Maikolofoni ya foni ya masiku ano ndi kachikopa kopyapyala ka silikoni, kotambasulidwa ngati ka ng'oma, kamene kamagwedezeka ndi mawu anu. Mapepala a opanga timaikolofoni timeneti amachenjeza zinthu ziwiri zomwezo: osapemerera mpweya wamphamvu pa kabowo, osatsuka mu kabafa konjenjemera. Msuweni wanga sanaonepo pepala lotere, ndipo palibe anamuuzapo kuti mkati mwa kachitsulo kaja muli chinthu choyenda. Foni inachira matenda a madzi, n'kuphedwa khutu ndi dokotala.

Umu ndi mmene MEMS ilili: makina enieni, okhala ndi masipuling'i ndi zolemera, osemedwa pa silikoni. Chimene chimatembenuza chithunzi mukapendeketsa foni ndi kachidutswa kolenjekeka pa timasipuling'i, kokhala ndi mano ngati a chipeso oloŵana ndi mano ena osayenda. Mpata wa pakati pa manowo ndi wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Foni ikapendekeka kachidutswako kamasuntha pang'ono, mpata umasintha, ndipo chipu chimawerenga kusinthako. Kampani ya Analog Devices inatulutsa sensa yotere mu 1991 kuti izitsegula airbag galimoto ikagunda. Mu 2006 inaloŵa mu zogwirira za masewera a Nintendo Wii, mu 2007 mu iPhone yoyamba, ndipo lero ili m'thumba la aliyense amene ali ndi foni ya smati.

Popeza ndi makina, amadwala matenda a makina. Mu 2021 Apple inachenjeza kuti kunjenjemera kwa injini ya njinga yamoto kungawononge mbali ya kamera imene imaletsa chithunzi kugwedezeka, ngati foni yamangiriridwa pa chiwongolero. Taganizirani anyamata a njinga zamoto a ku Petauke ndi Nyimba ndi misewu yathu ya fumbi. Mu 2018, pa chipatala china pafupi ndi Chicago, mpweya wa helium unatayika poika makina atsopano a MRI, ndipo mafoni ndi mawotchi ambiri a Apple anangozima. Mpweyawo unaloŵa mu kachipangizo ka MEMS kosunga nthawi mkati mwa foni n'kukaimitsa. Munthu amene sadziwa kuti mkatimo muli choyenda sangaganize n'komwe zoyang'ana kumeneko.

Maphunziro awiriwa amakumana pa malo amodzi. Sensa ya MEMS imatulutsa timagetsi tochepetsetsa, ndiye phokoso lochepa chabe limatha kuinamiza. Tengani makina oyezera BP a batire amene ali m'makiliniki athu ndi m'nyumba zambiri. Ambiri mkati mwake muli sensa ya mtundu umenewu yoyeza mphamvu ya mpweya, ndipo mabuku ake amalangiza kuti foni ikhale kutali ndi masentimita 30 kapena kuposa pamene mukuyeza. Tsopano onani kachipinda ka kiliniki ya kumudzi: inveta pakona, mafoni asanu akuchajidwa patebulo, ndipo patebulo lomwelo nesi akuyeza mayi woyembekezera. BP yokwera pa nthawi ya pakati imapha mayi ndi mwana ngati siinaoneke msanga. Nesi anaphunzira za thupi la munthu. Woyenera kudziwa kumene inveta ikhale, kumene mawaya adutse ndi mmene waya wa pansi akumbiridwe ndi uja anabwera kudzamanga sola. Ngati anaphunzira monga ndinaphunzirira ine, adzaona kuti babu layaka, n'kusainitsa pepala, n'kukwera galimoto.

Ndidziwa zimene ena a inu mukuganiza, chifukwa anzanga anandiuza kale pamaso. Woyamba anati, "Anthu alibe madzi ndi feteleza, iwe ukamba za timakina tosaoneka?" Ndimamumvetsa. Koma madzi amene tikuwafunawo masiku ano akutuluka ndi mapampu a sola, ndipo bokosi loyendetsa pampu ndi limodzi mwa zipangizo zaphokoso kwambiri. Nyengo ya mvula mphezi ikagwa chapafupi, mphamvu yake imaloŵa m'mawaya aatali a pa dilawo n'kuwotcha bokosilo ngati woika sanateteze bwino. Kuteteza ku mphezi ndi mbali ya EMC. Mudzi umene unasonkha ndalama za pampu n'kubwerera kukatunga kudambo patapita miyezi itatu sufunika kuuzidwa kuti nkhaniyi ndi ya madzi.

Wachiwiri anati, "Ife sitipanga machipu, ndiye tiphunziriranji?" Zoona, fakitale yamakono ya machipu imadya mabiliyoni a madola, ndipo sindikupempha kuti imangidwe pa Minga kapena pa Kacholola. Koma Toyota sitipanganso, ndipo palibe amati tileke kuphunzitsa amakanika. Magalimoto amene amaloŵera pa Nakonde adzaza ndi masensa a MEMS: ya airbag, yoyeza mpweya woloŵa mu injini, yoletsa galimoto kuterereka pokhota. Makanika wosawadziwa amangosintha zipangizo mongoyerekeza mpaka thumba la mwini galimoto litauma. Ndipo dziko logula zinthu kunja ndilo lifunika kwambiri anthu odziwa kuyeza, apo ayi limasanduka dzala la katundu amene anakanidwa kwina. Chizindikiro cha CE munthu aliyense angachidinde pa pulasitiki. Tili ndi ZICTA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009 ndipo imavomereza zipangizo zolumikizirana zisanagulitsidwe. Tili ndi ZABS yolemba miyezo ndi ZCSA yoonetsetsa kuti miyezo yokakamiza ikutsatidwa. Mabungwe amenewa mphamvu yawo ili mwa anthu amene angatenge lipoti la mayeso lochokera kunja, kuliwerenga, kulikayikira ndi kuyezanso okha. Anthu otere amachokera m'kalasi.

Wachitatu anati, "Mukawaphunzitsa adzathawira kumigodi kapena ku South Africa." Ena adzapitadi, ndipo sindingawaletse. Migodi ikufuna anthu otere, pakuti kumene amaphulitsa miyala ngakhale wailesi ya m'manja ili ndi malamulo ake. Mu April 2022 Zambia ndi DR Congo anasainirana pangano lofuna kupanga mabatire a magalimoto a magetsi, ndipo galimoto yotere ndi inveta yaikulu yoyenda pa mateyala, yozunguliridwa ndi masensa. Ngati tikufunadi ntchito zimenezo, tiyambe kukonzeka. Komabe yankho langa lenileni ndi lakuti tisaphunzitse a madigiri okha. Msuweni wanga sapita kulikonse. Mkazi wake, ana ake ndi makasitomala ake ali pa Nyimba. Chimene angaphunzire chidzakhala pa Nyimba.

Ndiye tichite chiyani? Ku UNZA ndi ku CBU, wophunzira zamagetsi aliyense asamalize asanagwire ndi manja ake chipangizo choonetsa mafunde, kupeza gwero la phokoso ndi kulithetsa. Mapulojekiti a chaka chomaliza achokere ku mavuto enieni: wophunzira apite ku kiliniki ya kumudzi, ayeze phokoso la inveta, alembe zimene wapeza, akonze. TEVETA, imene imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, iike mitu imeneyi mu silabasi ya oika masola, okonza mafoni ndi amakanika, kuti iphunzitsidwe ku Ukwimi Trades ndi ku Chipata Trades, kufupi ndi kwathu. Pakhalenso makosi aafupi a milungu iwiri a anthu amene ali kale pantchito, ophunzitsidwa m'Chinyanja ndi m'Chinsenga, chifukwa waya sumva Chingerezi. Bungwe la mainjiniya la EIZ, limene limalembetsa mainjiniya, matekinishani ndi amisiri, libweretse maphunziro ake owonjezera luso ku Petauke ndi ku Chipata, kumene mamembala ake ang'onoang'ono angafike ndi ndalama ya minibasi.

Wina afunsa za ndalama. Labu yathunthu ya EMC, yokhala ndi chipinda chotsekereza mafunde onse, ndi yodula, ndipo dziko lingayambe ndi imodzi. Koma zoyambira kuphunzitsa n'zotchipa modabwitsa. Kachipangizo kotchedwa RTL-SDR, kooneka ngati fulashi, mukakaloŵetsa mu laputopu kamaonetsa mafunde a m'chipinda pa sikirini, ndipo mtengo wake sufika pa wa foni ya smati yotsika. Sensa ya MEMS yophunzirira monga MPU-6050 ndi bodi ya Arduino zimagulidwa ndi ndalama zochepa kuposa pamenepo. Mu 2022 boma linakweza CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo gawo lina ndi la mabasare a maphunziro a luso. Mafomu amadzera ku Ward Development Committee. Achinyamata a ku Petauke ndi Nyimba, tikapita ku misonkhano imeneyi tikapemphe maphunziro otchulidwa dzina. Tikangoti "tifuna maskills", adzatipatsa zimene zili pafupi.

Pali zina zosafuna kudikira boma. Inu okonza mafoni, gulani kalamba kovala padzanja kochotsa magetsi a m'thupi. Miyezi youma ya June mpaka October thupi limasunga magetsi ambiri. Kuti mumve kulasa pogwira chitseko cha galimoto pamafunika mavoti pafupifupi 3,000, pamene chipu china chimawonongeka ndi mavoti osakwana 100, inu osamva kanthu. Foni imachoka pa kantemba ikugwira ntchito, n'kukafa patapita milungu iwiri, kasitomala n'kumati munamubera zipangizo. Inu oika masola, yendani ndi kawailesi ka batire m'chikwama cha zida. Mukamaliza kumanga, katseguleni pa siteshoni yofooka n'kuzungulira nako nyumba yonse. Mawaya opita ndi obwera aziyenda pamodzi, akhale aafupi, atalikirane ndi eriyo ndi zipangizo zoyezera. Inu ogula, chaja yopepuka ngati chikoko cha nshawa muziikayikira. Ndipo usiku uno yesani nokha: tsegulani wailesi, yandikizani ku chaja iliyonse ya m'nyumba mwanu, mumve imene ikusokosa.

Ife a mu tauni timakonda kukamba za AI ndi ma app, ndipo palibe choipa. BongoHive yakhala ikuthandiza achinyamata a mapulogalamu a kompyuta mu Lusaka kuyambira mu 2011. Koma app iliyonse imakhala pa chipangizo, chipangizocho chimamva dziko kudzera mu sensa, ndipo sensa ikanamizidwa ndi phokoso, app yanu yokongola idzapereka bodza mwaulemu. Mkuwa umene amalukira kunja kwa chingwe kuti phokoso lisaloŵe, mwina unakumbidwa ku Solwezi kapena ku Chingola. Timautumiza kunja, umabwerera uli m'chingwe, ndipo ambiri a ife sitidziwa chifukwa chake anaulukira pamenepo.

Msuweni wanga analipira yekha maikolofoni ya foni ija, ndipo tsopano amayamba wamata kabowo kapena kuchotsa kachipangizoko asanatsuke bodi. Wandipempha kuti ndikabweranso ndimubweretsere mapepala a opanga masensa, tikhale pansi ndimumasulire. Ndamulonjeza. Koma ine ndine munthu mmodzi amene anaphunzira mochedwa, pa ndalama ya amalume. Pa Great East Road yonse, kuchokera pa Luangwa Bridge mpaka ku Chipata, pali tumakantemba tambirimbiri ndi anyamata ndi atsikana ambiri okwera pamadenga ndi masola, ndipo onsewo akuyenera kuphunzira zimenezi m'kalasi asanaziphunzire pa katundu wa anthu.

Ambuya ali ndi mawailesi awiri tsopano. Yatsopano anaikulunga mu chitenje n'kuisunga m'sutikesi. Tsiku lililonse ndikawaimbira amayamba ndi kundiuza amene wamwalira ndi mtengo wa nshawa, kenaka amafunsa kuti, "Nanga anzako aja oika malaiti, unawauza?"